Chipolopolo chikafupika, musachitchere m'mfuti

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi ndikambe za kutalika kwa chipolopolo cha pistol. Ena aona ngati ndi nkhani ya asilikali okha, koma kuno kuchigwa cha Shire mfuti zilipo m'manja mwa anthu ambiri ndithu: apolisi, ena operekeza ndalama, amalonda angapo ndi eni makola a ng'ombe omwe ali ndi chilolezo cha boma. Chandilembetsa ndi anyamata athu. Masiku ano akumaonera pa YouTube ndi pa Facebook azungu akusungunula mtovu, kuumba mitu ya zipolopolo ndi kudzazanso makoko owombedwa kale, ndiye poti akudziwa kuti ntchito imeneyi ndinaigwirapo ku Joni, akumabwera kudzandifunsa miyeso ya wonga. Miyesoyo sindiuza munthu, ndipo pano sindilemba. Chomwe ndikufuna chimveke ndi chomwe makanemawo amachidumpha: kuti mutu wa chipolopolo ukangolowa mkati kupitirira malo ake, ngakhale pang'ono pomwe, mfuti ikhoza kuphulikira mwini wake m'manja.

Ku South Africa ndinkathandiza bambo wina wachikulire yemwe anali ndi chilolezo cha mfuti zamasewera owombera chandamale. Lamulo lawo la mfuti la 2000 limalola munthu wa laisensi kudzaza yekha zipolopolo za mfuti yake yomwe inalembetsedwayo. Bamboyo anali ndi chipinda chokhoma, sikelo yoyezera wonga, makina okanikizira, mabuku a miyeso ochokera ku makampani opanga wonga, ndi vernier, kachipangizo koyezera kutalika ndi kunenepa kwa tinthu, yomwe sinkachoka pathebulo. Ntchito yanga inali kusankha makoko, kuwapukuta, kuthira mtovu m'chikombole ndi kuyeza. Kuyezako ndiye kunali kwambiri. Tsiku lina lililonse lomwe tasintha chikombole, bamboyo ankayambiranso kuwerengera ngati sanapangepo chipolopolo chiyambire.

Ndifotokoze kaye mmene chipolopolo chilili, poti ambiri amachiona kunja kokha. Pali khoko la mkuwa, kumbuyo kwake kuli ka primer komwe kamayatsa moto kakamenyedwa, mkati muli wonga, ndipo kukamwa kwa khokolo kwalowa mutu, womwe ndi umene umatuluka n'kukalasa. Wonga ukayaka umasanduka mpweya wotentha m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo mpweyawo umayambira m'kampata komwe katsala pakati pa tsinde la khoko ndi matako a mutuwo. Kampatako kakachepa, pulesha imakwera. Ndipo wonga wa pistol uli ndi khalidwe loti pulesha ikakwera umayakanso msanga kuposa kale, ndiye zinthu ziwirizi zimakankhana mpaka kupyola malire omwe chitsulo chinapangidwira.

Tengani 9mm, saizi ya chipolopolo cha pistol yomwe ndi yofala kwambiri. Anaikonza Georg Luger ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Khoko lake ndi lotalika mamilimita 19.15, ndipo chipolopolo chonse, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, sichiyenera kupitirira mamilimita 29.69. Bungwe la CIP la ku Ulaya, lomwe limaika malire a zipolopolo, linaika pulesha ya 9mm pa ma bar 2,350. Apa ndiye kuti kamalo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi mkati mwa mfutiyo kakukankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 2,400. Imeneyi ndi pulesha ya chipolopolo chabwinobwino, chopanda vuto lililonse. Khoko la 9mm ndi laling'ono, mpata wa wonga ndi wochepa kale, choncho palibe malo osewerera. Akatswiri a kampani yopanga zipolopolo ya Speer ku America anayesapo dala kulowetsa mutu wa 9mm mozama ndi mamilimita 0.76 okha kuposa muyeso wake, ndipo pulesha inakwera kuposa kawiri. Mamilimita 0.76 ndi kuchindikala kwa khadi la ATM lomwe muli nalo m'thumbalo.

Tsopano pali chinthu chomwe chimasokoneza ngakhale anthu ozolowera ntchitoyi, ndipo pamenepa ndichedwapo. Kutalika kwa chipolopolo chonse ndi kuzama kwa mutu m'khoko ndi zinthu ziwiri zosiyana. Vernier imayeza kutalika kwa kunja. Wonga sudziwa za kunjako. Umangodziwa mpata womwe watsala mkati. Buku la miyeso likalemba kuti chipolopolo chikhale chotalika mwakuti, likunena za mutu weniweni womwe iwo anayesera, wa kampani yakutiyakuti, wa maonekedwe akutiakuti. Ukatenga nambala yomweyo n'kuikira mutu wina, ngakhale kulemera kwake kuli chimodzimodzi, wapanga chipolopolo china chomwe palibe anachiyesapo.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Uphatikize kutalika kwa khoko ndi kutalika kwa mutu, uchotsepo kutalika kwa chipolopolo chonse, chotsalacho ndiye gawo la mutu lomwe labisala mkati. Tiyerekeze kuti pali mitu iwiri yolemera mofanana. Wina ndi wa nsonga yobulungira, wotalika mamilimita 15.5, wina ndi wa nsonga yaphwatalala, wotalika mamilimita 14.5. Mukaika yonse iwiri kuti chipolopolo chikwane mamilimita 29, wobulungirawo walowa mkati mamilimita 5.65 pomwe winawo walowa 4.65. Pa vernier zipolopolo ziwirizi zikuwerenga nambala imodzi, koma mkati zasiyana ndi milimita yathunthu, yomwe yaposa kale ija ya a Speer. Nambala za mitu ndangopeka pofuna kuonetsa masamuwo, wina asazitenge ngati muyeso.

Mitu youmba pakhomo ndiye imavuta koposa pa nkhani imeneyi. Ya kufakitale yokutidwa ndi mkuwa imatuluka yofanana zikwizikwi. Ya mtovu imatengera chikombole, ndipo chikombole chilichonse chili ndi kapangidwe kake: china chili ndi ngalande imodzi yaikulu yoikamo mafuta, china ziwiri zazing'ono, ndipo ngalandezo zimatalikitsa mutu popanda kuwonjezera kulemera. Imatengeranso chomwe wasakaniza mumphika. Mtovu weniweni ndi wofewa ndi wolemera. Ukawonjezera zitsulo za tin ndi antimony umalimba, umapepukako ndipo umatuluka m'chikombole wonenepako pang'ono. Bambo uja ankagwiritsa ntchito timiyala tamtovu tomwe amamata pa mawilo a galimoto, ndipo mphika uliwonse watsopano unkafuna kuti mitu yake iyezedwenso pasikelo ndi pa vernier. Kenako mutu uliwonse unkadutsa m'kachibowo kachitsulo kuti unenepe mofanana, mamilimita pafupifupi 9.04, kuposako pang'ono wamkuwa womwe umakhala 9.01, chifukwa mtovu ukapanda kutseka bwino mpope wa mfuti mpweya wotentha umadutsa m'mbali n'kumapaka mtovu m'kati monse.

Wina anganene kuti basi, tingosiya mutuwo kunja kwambiri kuti mpata ukule. Kumeneko kulinso dzenje. M'kati mwa mpope muli mizere yopota yomwe imazungulitsa mutu, ndipo imayambira patsogolo pang'ono pa pomwe chipolopolo chimakhala. Mitu yambiri yamtovu ili ndi phewa lonenepa pafupi ndi nsonga. Ikatuluka kwambiri, phewalo limakagunda mizereyo chipolopolo chisanakhazikike, mfuti siitseka bwinobwino, kapena imatseka mokakamiza n'kukankhira mutuwo mkati. Mutu womwe wayamba ulendo utakanirira kale pa mizere umakwezanso pulesha. Komanso chipolopolo chotalika sichiyenda m'magazini, mokhala zipolopolo za mfutimo. N'chifukwa chake bamboyo ankachotsa mpope m'mfuti, n'kugwetseramo chipolopolo chachitsanzo chopanda wonga ndi primer. Chikalowa chokha mpaka kumveka kuti "tho", n'kugwanso chokha ukazondotsa mpopewo, ndiye kuti chakwana m'mfuti imeneyo. Mfuti ina ya 9mm yomweyo ikhoza kuchikana, poti makampani sabowola mofanana.

Ma revolver, aja a gudumu lozungulira, ali ndi vuto lotembenuka. Kumeneko mfuti ikagunda m'mbuyo powomba, mitu ya zipolopolo zotsala m'gudumu imasololoka kupita kutsogolo, mpaka wina umatulukira n'kutsekereza gudumulo. Choncho mitu yake imakhala ndi kangalande kapadera komwe mlomo wa khoko umapindikiramo, ndipo kangalandeko ndiko kamakuuza pomwe mutu uyenera kulekezera. Elmer Keith wa ku Idaho, yemwe anakonza mutu wamtovu wotchuka kwambiri wa ma revolver chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anaupanga dala kuti gawo lalikulu likhale kunja kwa khoko, wonga ukhale ndi mpata. Khoko la chipolopolo cha revolver cha .38 Special ndi lalitali, mamilimita opitirira 29, chifukwa linayamba mu 1898 nthawi ya wonga wakuda, ndipo pulesha yake ndi pafupifupi theka la ya 9mm. Limakhululuka zomwe 9mm singakhululuke. Pa 9mm mlomo wa khoko supindidwa choncho, chifukwa mlomowo ndi umene umaimitsa chipolopolo pamalo pake m'mfuti. Chomwe chimagwira mutu ndi kuthina kwa khoko basi.

Kuthina kumeneku ndiko kukutifikitsa kwathu kuno, kwa anthu omwe sanaumbepo mutu ndipo sadzaumba. Munthu wonyamula pistol pantchito amaitchera m'mawa, madzulo amachotsa magazini n'kutulutsa chipolopolo chomwe chinali m'mpope, kenako amachibwezera pamwamba pa magazini. Mawa chomwecho ndiye chiyambe kulowa. Nthawi iliyonse mfuti ikamatcheredwa, nsonga ya chipolopolo imamenya kachitunda kachitsulo kolowera kumpope, ndipo kumenya kulikonse kumayesa kukankhira mutu mkati. Koyamba sizioneka. Pakatha milungu ndi miyezi, khoko limatopa, mutu umayamba kulowa. Mphwanga wina yemwe amagwira ntchito yaulonda anandionetsapo zipolopolo zomwe amapatsidwa, ndipo nditaziimika pathebulo chimodzi chinali chachifupi moonekera ndi maso, nsonga yake itaphwanyika ndi mikwingwirima. Iye ankachiona tsiku ndi tsiku osadziwa kuti n'choopsa, ndipo palibe anamuuzapo. Zipolopolozo amaziwerenga pomupatsa ndi pobweza, nambala ikakwana nkhani yatha. Kutalika kwake palibe amayang'ana.

Chipolopolo chotere chikawombedwa, khoko limang'ambikira chakumbuyo komwe chitsulo cha mpope sichilikuta mokwanira. Mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mkuwa zimatsikira m'magazini ndi m'chogwirira, zina zimabwerera kumaso. Magazini imatha kufwamphuka, chogwirira kusweka, dzanja kung'ambika, diso kuwonongeka. Ndipo izi zimachitika pa nthawi yomwe munthuyo wawomba chifukwa moyo wake uli pachiswe. Kwa ife a kuno, chipatala chokhala ndi madokotala a maso ndi a mafupa chili ku Blantyre, kukwera Thabwa yonse ija, ndipo wovulalira ku Marka kapena ku Makhanga ulendo wake mukuudziwa.

Nyengo yathu ikuwonjezera. Ku Ngabu ndi ku Nchalo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka kapena m'nyumba ya malata kumaposa pamenepo. Wonga wotentha umapereka pulesha yokwererapo kuposa wozizira, ndiye chipolopolo chofupika kale chikakhala padzuwa mavuto awiri akumana. Pa mitu yamtovu kutenthaku kumasungunulanso mafuta a m'ngalande zija, omwe ambiri amapangidwa ndi phula la njuchi. Ngalande ikakhala kunja kwa khoko mafutawo amatola mchenga womwe umakanda mpope. Akayenderera mkati amanyowetsa wonga. Wonga wonyowa umangoti "fu", mutu n'kukakamira pakati pa mpope, ndipo wowombayo akatcheranso n'kuwomba kachiwiri mpope umatupa kapena kung'ambika. Mukamva kulira kofooka kosazolowereka, lekani pomwepo, chotsani magazini, tulutsani chomwe chili m'mpope ndipo mfutiyo ikaonedwe ndi wodziwa.

Madzi nawo sanatisiye. Kusefukira kwa madzi kwa 2015 ndi kwa anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 kunamiza nyumba zambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo chilichonse chomwe chinali m'sutikesi kapena pansi pa bedi chinagona m'matope. Chipolopolo chomwe chinamira sichibwerera mwakale chifukwa mwachiyanika. Mkuwa ukachita zobiriwira umafooka, mlomo wa khoko umachita ming'alu yosaoneka bwino, ndipo sugwiranso mutu. Palinso zakale za nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992. Ife omwe tinaona misasa ya othawa nkhondo ku Mankhokwe ndi ku Nyamithuthu tikudziwa kuti malire athu anali otseguka ndipo zinthu zinkawoloka. Chipolopolo cha nthawi imeneyo chapyola zaka 30. Mwana akachitola kumunda asachigogode ndi mwala, asachiponye pamoto, ndipo wamkulu asachitsegule kuti atengemo wonga wa gogodela. Chisiyeni pomwepo mukauze amfumu ndi apolisi.

Za anyamata ofuna kusungunula mtovu, mtima wanga ukundiwawa kwambiri pa ana. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, moto wa mbaula ya makala umakwanitsa, n'chifukwa chake zimaoneka zophweka. Kuno mtovu wopezeka msanga ndi wa mabatire akutha a galimoto ndi a sola, ndipo ndaonapo asodzi akuuphika pabwalo kuti apange zolemetsera maukonde, ana atazungulira. Bambo uja mtovu wa batire sankaulola n'komwe pakhomo pake. Uli ndi asidi, ndipo zonyansa zomwe zimayandama pamwamba pake zikanyowa zimatha kutulutsa mpweya wa poizoni. Dontho limodzi la madzi likalowa pansi pa mtovu wosungunuka, mphika wonse umathovokera kumaso. Fumbi lake limatsalira m'dothi momwe ana amakwawa ndi kudya, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ungatchedwe wabwino. Umawononga ubongo wa mwana osabwereranso. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha ntchito yophwanya mabatire m'makomo. Ku Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi. Mphika womwe waphikidwamo mtovu usadzaphikenso nsima kapena phala.

Ndiye pali lamulo. Kuno kwathu tili ndi lamulo la mfuti la Firearms Act la 1967, ndipo kupezeka ndi chipolopolo ngakhale chimodzi popanda chilolezo ndi mlandu. Zomwe mukuonera pafoni zikuchitika m'maiko omwe malamulo awo ndi ena, ndipo anthuwo ali ndi sikelo yoyeza kachigawo kakang'ono kwambiri ka galamu, ali ndi primer ndi wonga wodziwika dzina lake, ali ndi buku lomwe miyeso yake inayesedwa ndi makina owerenga pulesha. Mnyamata wa kuno ali ndi pulayazi, hamala ndi wonga wosadziwika komwe wachokera. Mutu wokhomeredwa ndi hamala sungakhale pa kuzama kofanana kawiri, ndipo mwaona kale zomwe milimita yosakwana imodzi imachita. Ana anga, ndalama yomwe mukuganiza kuti mupulumutsa siingagule dzanja.

Kwa omwe ali ndi mfuti mwalamulo, pempho langa ndi ili. Sungani chipolopolo chimodzi chatsopano chomwe sichinalowepo m'mfuti, cha bokosi lomwelo, chikhale choyezera. Pa sabata kamodzi, mfuti ili yopanda kanthu ndipo ili patali, imikani zipolopolo zanu pathebulo losalala pambali pa chimenecho, muike rula pamwamba. Chomwe chasiya mpata pansi pa rula chichotseni. Chomwe mutu wake ukuzungulira kapena kusuntha mukaukanikiza ndi chala chichotseni. Chomwe chachita dzimbiri lobiriwira, chaphwanyika nsonga kapena chang'aluka pamlomo chichotseni. Musayese kuukoka mutuwo ndi pulayazi kuti ubwerere, chifukwa khoko lomwe lautaya kamodzi silidzaugwiranso. Ulowanso pa kutchera koyamba. Ndipo musamatchere chipolopolo chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Vernier yomwe amakanika amagwiritsa ntchito ikhoza kukuuzani zambiri kuposa rula, ngati mungaipeze.

Kwa mabwana omwe amapereka mfuti kwa antchito awo, vuto lalikulu ndi loti mlonda amaopa kunena. Akabweza chipolopolo n'kunena kuti chawonongeka, amaopa kuti amudula malipiro kapena amuganizira kuti wagulitsa chabwino n'kubweretsa choipa. Ndiye amangokhala chete n'kumachitcherabe. Ikani m'kaundula wanu malo olembamo zipolopolo zochotsedwa chifukwa chofupika, muzisinthe popanda chilango, ndipo wopereka zida akhale ndi vernier pambali pa buku lowerengera.

Ndikupemphanso apolisi a m'maboma athu awiriwa a Chikwawa ndi Nsanje kuti pa nthawi yomwe anthu akukonzetsanso malaisensi a mfuti, aziwauza abwere ndi zipolopolo zomwe akusunga, ziyang'anidwe, ndipo zowonongeka zilandiridwe pomwepo kuti zikawonongedwe moyenera. Pa misonkhano ya chitetezo cha m'midzi anene momveka bwino kuti wotola chipolopolo kumunda kapena m'matope a madzi osefukira achite chiyani ndipo akauze ndani, chifukwa pakali pano ambiri amaopa kuti akakanena amangidwa, ndiye amangochiponya m'chimbudzi kapena kuchisunga padenga pomwe ana amafika.

Wowerenga wanu,
Ngabu, Chikwawa